Mabenchi a Amalume Tipumeko

Amalume anga sankadutsa benchi osakhalapo. Tauni yonse inkadziwa zimenezi, moti dzina lawo lenileni linatayika, n'kutsala loti a Tipumeko. Anagwira ntchito ya umesenjala mpaka imvi mbuu, ndipo ankati zaka zonsezo palibe ofesi imene inawauzapo kuti "khalani pansi." Atapuma pantchito analumbira kuti mpando uliwonse wopanda mwini ndi wawo.

Loweruka lililonse tinkanyamuka atatu: iwo, azakhali, ndi ine wonyamula madzi ndi ambulera. Ulendo unali wa kumunda wa maluwa, kuseri kwa mapaki awiri. Wamiyendo yabwino amafikako tiyi wam'mawa asanazizire m'mimba. Ife tinkafika mlonda akukhoma geti.

"Tipumeko," ankatero tikangolowa m'paki yoyamba.

"Mwatopa ndi chiyani, bambo? Denga la nyumba yathu si ilo likuoneka apo!"

"Mayi, kutopa uku si kwa lero ayi. N'kwa chaka chija ndinakweza kabati ya abwana pamasitepe."

Benchi iliyonse ankaidziwa khalidwe lake. Ya pansi pa mtengo waukulu inali yaulemu. Ya pafupi ndi katungwe wa ana inali yamiseche, chifukwa inkalira munthu akangokhalapo. Yachitsulo ija m'chilimwe inkawotcha ngati chiwaya, koma ankakhalapobe, akuti kuidumpha ikhumudwa. Tsiku lina tinapeza mnyamata ndi mtsikana atagwirana manja pa yaulemu ija. Amalume anangoti, "Sendezani pang'ono, ana anga," n'kukhala pakati pawo, n'kuvula nsapato. Akuti chibwenzicho chinathera pomwepo.

Mlonda wa kumunda ankationera patali, makiyi ali m'manja.

"A Tipumeko, mwachedwanso."

"Sitinachedwe, achimwene. Dzuwa lanuli ndi limene lili ndi phuma."

Azakhali ankasuzumira pampanda, kunja kuli chisisira, kenako tinkabwerera. Masamba anayoyoka, fumbi linabwera, mvula inagwa, udzu unamera m'mbali mwa njira. Ine ndinatopa. Azakhali anatopa mpaka anasiya kukalipa.

Kenako maso a azakhali anayamba kuchita nkhungu. Kuchipatala anawauza mosabisa kuti maluwa a chaka chamawa mwina sadzawaona. Sanalire. Lachisanu lina, akusita malaya a amuna awo, anangoti, "Bambo, ine maluwa aja ndizingowaonera pampanda ngati wakuba mpaka maso atseke?"

M'mawa mwake amalume anatulutsa nsapato zawo zakale za kuntchito, n'kuzipukuta.

Titafika pa benchi yoyamba anaima, n'kuvula chipewa.

"Pepani," anaiuza benchiyo, "lero ndatumidwa."

Tinadutsa. Mayi wosesa m'paki anagwetsa tsache.

"A Tipumeko! Kwagwanji? Kuli maliro?"

"Sesani, mlongo, musandilankhulitse. Ndikaima ndikhala."

Yamiseche tinaidutsa atayang'ana kumbali. Pa yachitsulo, thukuta lili kamukamu, anandigwira phewa mwamphamvu.

"Mphwanga, ndikoke. Ikundiitana."

Mlonda atationa anayang'ana wotchi yake, n'kuigwedeza, n'kuiika kukhutu.

"Yafa iyi, kapena ndikulota?"

"Tsegulani, achimwene, miyendoyi njobwereka."

Mvula inali itangosiya kumene, dothi likadali lonyowa, njuchi zili piringupiringu. Azakhali ankawerama pa duwa lililonse mpaka mphuno kugunda.

"Ili n'lofiira eti, bambo?"

"N'lofiira, mayi."

"Ndaliona. Nanga ili?"

"Lachikasu."

"Musandiuze msanga. Ndione kaye ndekha."

Pakati pa mundawo panali benchi yatsopano, yopaka penti yobiriwira, pamthunzi. Amalume anaiyang'ana ngati wanjala akuyang'ana m'mbale ya mnzake.

"Khalanitu, bambo, mwayesetsa," anatero azakhali.

"Ndikakhala sindidzuka, mayi, ndipo maluwa a kumtunda aja simunawaone. Tiyeni."

Anayenda nawo munda wonse, atawanyamulira kachikwama. Benchi imeneyo sanakhalepo, tsiku limenelo kapena lina lililonse. Nyengo yozizira itafika anatisiya, ali chikhalire pampando wawo wa pakhonde, chipewa chili pabondo. Mayi wosesa uja pamaliro anati, "Koma apa apumadi," ndipo anthu anaseka akupukuta misozi.

Masiku ano mabenchi aja amangodzaza masamba. Achinyamata amagwirana manja popanda wowasokoneza, ndipo paki yangoti zii. Azakhali saonanso, koma Loweruka amavalabe, n'kundigwira mkono.

"Tafika pa yamiseche ija?"

"Tafika, azakhali."

"Tipumeko."

Timakhala pa iliyonse, ngakhale yachitsulo. Kumunda timafika mlonda akukhoma geti. Loweruka lathali anaima, loko ali m'manja.

"Ndikutsegulireni pang'ono, mayi?"

"Ayi, khomani," anatero azakhali. "Maluwawo ndinawaona kale."

Anagwira mpanda ndi manja onse awiri, n'kukoka mpweya, ndipo tinaima pamenepo mpaka fungo la maluwa linayamba kuzizira.