Kaseti Yachinai Inandichotsa ku Chawama

Ngati munamva kuti mnyamata wina ku Chawama anagwetsa amai a chigwirizano asanu ndi awiri pa benchi masana a Lachinai, mnyamatayo ndine. Koma anthu amakokomeza. Anagwa awiri okha, ena anangothawa.

Sukulu ndinasiyira giredi naini (musafunse chifukwa, mafunso amanditopetsa). Ndinkakhala kwa amai akulu, mkulu wao wa amai anga, ndikugwira maganyu pa fakitale ina ku Indasitiriyo. Itatsekedwa, monga zinkatsekedwera zonse masiku amenewo, anzanga anatola malata ndi mawaya. Ine ndinatola makaseti anai amene kapitao wachizungu anasiya m'kabati. Onse anali a gulu limodzi la hevi meto, azibambo a tsitsi lofika m'chiuno.

Kaseti yoyamba inali moto. Gitala ngati gulayinda ikudya chitsulo, woimba akukuwa ngati wapondedwa chala ndi wilibala ya simenti. Yachiwiri liwiro linakula, ng'oma zikugunda ngati chigayo. Pa yachitatu anayamba kukoka miyendo, kumveka kuti mimba zatuluka. Yachinai? Piyano. Piyano, abale! Munthu amene ankang'amba kukhosi uja tsopano akulira ngati wakanidwa ndi mtsikana. Ndinapirira nyimbo imodzi yokha. Kenako ndinatseka timabowo ta pamwamba pa kaseti ndi tizipepala, n'kujambulira kaseti yoyamba pa nyimbo zotsalazo, pa wailesi ya amai akulu yolowa makaseti awiri. Choncho kunja inkati yachinai, koma m'kati munali piyano imodzi, kenako moto.

Amai akulu anali atandichenjeza kale. "Nikamvelako futi vongo va Satana m'nyumba muno, uyenda ku Katete kukalima. Unga wadula, sinizadyetsa chiwanda." Ku Katete kulibe magetsi, ndipo khasu ndi ine sitidziwana.

Lachinai lina inali nthawi yao yolandira amai a chigwirizano a kutchalitchi kwao. Atakhala pabwalo, amai akulu anapempha kuti andipempherere. Wapampando wao, ba Nambewe, anandiitana.

"Mwana wanga, timvela ati ukonda nyimbo za mumdima."

Munthu wanzeru akanagwada n'kunena ameni. Ine ndinapsa mtima. "Ba mai, baja bantu banasintha. Banakalamba, manje baimba monga kwaya."

"Chabwino. Tiikileko timvele."

Ndinatulutsa wailesi pakhomo, ndinaika yachinai. Piyano inayamba. Ba Nambewe anatseka maso, wina kumbuyo akugwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Uyu munthu alapa," anatero ba Nambewe. "Chizungu chake sinimvela, koma alila machimo. Kwezako."

Ndinakweza mpaka kumapeto. Nzeru yanga inali yosavuta: kuima pafupi, chala pa batani, piyano ikatha ndizimitse. Koma amai akulu, amene anali asanandimwetulirepo chaka chonse, anatembenuka akumwetulira.

"Iwe, osaimilila monga mlonda. Katape madzi ku pompi, tiike tiyi."

"Nizayenda ikasila nyimbo."

"Uniyankha pamaso pa alendo?"

Ndinanyamula chigubu ndi kuthamanga. Pampopi panali mzere wa zigubu wokhota mpaka pa ngalande. Ndinadumpha onse (mai wina anatchula makolo anga mpaka agogo), koma madzi ankatuluka ngati mpopiwo ukudwala. Chigubu chisanafike pakati, ndinaumva mkuwo uja. Unadumpha mizere itatu ya nyumba. Agalu a komboni yonse anayankha.

Ndinafika benchi ili miyendo m'mwamba, amai awiri ali pansi. Wina anali atafunditsa wailesi chitenje, ngati phokoso lingagone. Ba Nambewe, duku lili m'manja, ankalamula ziwanda kuti zituluke, koma woimbayo ankawaposa mau. Amai akulu ankakanikiza mabatani onse kupatula loyenera. Ndinazula waya kukhoma. Kunangoti zii.

"Ndiye kulapa kwamene uku?" anafunsa ba Nambewe akupuma befu.

Apa ndikanati kaseti yaonongeka, mwina ndikanapulumuka. Koma pakamwa panga sipadikira mutu.

"Iyi ndiye yabwino, ba mai. Ija ya piyano ni yaulesi."

Loweruka m'mawa ndinali m'basi ya ku Katete. Makaseti onse anai anathera pa mbaula, ndipo ndinamva kuti fungo lake linatsimikizira amai aja kuti munalidi chinthu.

Gulu lija linafewa m'makaseti anai. Amai akulu sanafewe mpaka lero. Kumudzi, ataona mmene ndimagwirira khasu, anandipezera ntchito pa chigayo cha dizilo. Aliyense amadandaula ndi phokoso lake. Ine ndikathiramo chimanga chouma bwino, ndimatseka maso n'kugwedeza mutu. Kaseti yachiwiri yeniyeni, mbali yoyamba.