Mmene Ndinakaodira Kumabwinja a Amaya

Iwe Yohane, leka kutokosa foniyo, undiyang'ane kuno. Ndakumva ukunong'oneza anzako kuti Chimbalanga akayasamula mumatuluka mabodza okhaokha. Chabwino. Sendera, ugwire pamkono panga apa. Ukuchiona chipserachi? Ukuwaona mano mmene analowera? Ndiye khala pansi, lero ndi Lachisanu, palibe akuthamangira kudyute, ndikuuze kumene ndinachitenga, ndipo ndikanama pena pake nyanja ya pa Corniche ino iume inu mukuona, maboti onsewa atsale pamchenga.

Chaka chimenecho ndinkayendetsa galimoto kubanja lina la ku Fereej Bin Omran, kuno ku Doha. Bwana anali munthu wofatsa, madamu anali munthu wa mapulani, ndipo m'nyumbamo munali anyamata atatu amene sindikudziwa kuti Mulungu anawaumba ndi dothi lanji. Wamkulu anamasulapo AC ndi supuni, wapakati anametapo mphaka wa aneba mbali imodzi, ndiye kunali kachitsirizira, Hamad, kamene kakalira magalasi a mawindo ankachita kunjenjemera mpaka ku Al Sadd. Amene ankalera anthu amenewa anali Nambewe, mayi wa ku Ntchisi. Anthuni, mayi ameneyo! Sankakalipa, sankakweza dzanja, ankangotembenuza diso limodzi basi, anyamata onse atatu gwa! kukhala pansi ngati ali m'tchalitchi. Ine ndaonapo asilikali, ndaonapo masupavaiza, koma diso longa la Nambewe sindinalionenso.

Tsiku lina madamu anadzuka ndi maganizo a holide. Akuti kutentha kwa kuno kwanyanya, tipite ku Mexico, kuli mahotela a m'mbali mwa nyanja, kulinso mabwinja a anthu akale otchedwa Amaya. Kuyambira pamenepo galimoto yanga inasanduka ofesi. Madamu ali kumbuyo ndi foni, kubukitsa hotela iyi, kuisiya, kubukitsa ina, kugula zipewa za dzuwa, kuzibweza, kugula masutikesi mpaka buti kukana kutseka, ndipo pa mapulani onsewo chinthu chimodzi chokha sichinkasintha: Nambewe apita nawo kukagwira ana.

Tsono vuto linali apa. Mwezi womwewo mwana yekhayo wa Nambewe, Tadala, ankakwatiwa ku Ntchisi. Mwana amene anamusiya ali kupulayimale, n'kumulera pafoni mpaka kukula. Nambewe atapempha kuti apite kuukwatiko, madamu anangoti, "Inshallah, Mulungu akalola, tikabwerako." Inu nonse mukuidziwa inshallah imeneyo, ija yopanda miyendo. Ine ndinamupeza Nambewe kuseri kwa khitchini akupinda chitenje chimene anagulira ukwatiwo, kuchipinda, kuchitambasula, kuchipindanso, misozi ikugwera pomwepo. Mtima unandipweteka, ndipo mtima wa Chimbalanga ukapweteka, nyanja zimadziwa.

M'mawa mwake ndili pachiwongolero ndinayang'ana pagalasi n'kunena kuti, "Madamu, ndege mwabukitsa, hotela mwabukitsa, koma mwaodira?"

Anandifunsa kuti kuodira n'chiyani. Ndinawauza kuti kwathu bwinja silikhala lopanda eni. Anthu amasamuka, koma eni ake enieni amatsala pansi pomwepo, ndipo munthu wolongosoka sangolowa ndi nsapato ndi ana ake ngati akulowa mumsika. Amayamba watuma munthu kukagwada, kukanena kuti odi, kukubwera alendo. Madamu anaseka, bwana ali pambali anati, "Yalla, pita ukaodire." Iwo ankayesa nthabwala. Ine sinditumidwa kawiri.

Lachisanu lotsatira, tsiku langa la ofu, ndinathira mafuta, ndinatapa ufa pang'ono m'kathumba, ufa weniweni wa chimanga cha kwathu umene ndinkausunga ngati mankhwala, ndinadzaza fulasiki ndi tiyi wa karak, n'kubwera pano. Mukuchiona chikhoma icho? Ndi pamene ndinadumphira. Ndinaponda moto kuchokera kumtunda uko, liwiro lake matayala sanazindikire n'komwe kuti msewu watha, anangopitiriza pamwamba pa madzi, mawaipa akukankha nsomba uku ndi uku, ndipo pamene ndinkatuluka m'nyanja ino kulowa m'nyanja yaikulu ndinapeza nangumi atagona pakati pa njira, ndinamuimbira huta, iye anadzuka, anandipatsa indiketa ndi mchira, n'kupatuka. Mukumva? Ndikutsika chakumwera ndinamva fungo la mvula ya kwathu, ndinatsitsa galasi, ndinasuzumira kupyola dziko lonse la Mozambique, n'kuona akazi anga ku Mponela akuyanika zovala, mbuzi ili m'dimba kumbuyo kwawo. Ndinakuwa kuti, "Amake Dalitso, mbuziyo!" Mpaka lero amauza anthu kuti anamva mawu a mngelo.

Pakati penipeni pa nyanja mafuta anatha. Wina akanalira. Ine ndinatsegula fulasiki n'kukhuthulira karak mu thanki, galimoto inatsokomola kamodzi, inatong'ola magetsi ngati mlonda amene waona supavaiza, n'kuuluka. Liwiro la pamenepo ndinalipeza dzuwa lili pa ulendo wake wakumadzulo, ndinaliwomba ovateki, ndipo pofika ku Mexico kunali kudakali Lachinayi. Ukuseka chiyani Yohane? Lachinayi ndi tsiku la ntchito, ine ofu yanga ndi Lachisanu. Ndinaimika galimoto pamchenga n'kudikira mwaulemu mpaka Lachisanu linandipeza, lili wefuwefu.

Poti ndinali nditafika kale, ndinati ndiyendere kaye hotela imene madamu anabukitsa. Abale, kunja kuno kuli malo. Mchenga wake woyera, wosalala kuposa ufa wosefa kawiri, moti ndinachita kugwira kathumba kanga kuopa kusokoneza. Madzi ake oyera mbee, nsomba zimachita manyazi kusowa pobisala. Makokonati amagwa mumtengo ali otsegula kale, kapaipi kakumwera kali momwemo. Ndinayesa bedi, kufewa kwake ndinamira, ndinapyola chipinda chapansi, chinanso chapansi, n'kukatulukira pa risepushoni ndili chigonere, mtsikana wa pamenepo n'kundifunsa ngati ndagona bwino. Ndinati mafi mushkila, palibe vuto, hotelayi yakhoza.

Kenako ndinalowa m'nkhalango kukafuna mabwinja. Apa ndiye musaseke, chifukwa ine ndinavula chipewa. Ine ndaona nyumba zitalizitali za Doha zikumera, ndi makireni, ndi simenti yobwera pa malole usana wonse. Koma anthu aja analibe kireni, analibe lole, analibe ngakhale wilibala, koma anasanja miyala, mwala pamwamba pa mwala, mpaka kuumba phiri la masitepe loti ukaliyang'ana khosi limauma, ndipo laima chiimire, mvula yalimenya, mizu yalikumba, ilo osasuntha. Ndinaima pamenepo kukamwa yasa, ndikuganiza za misana imene inasenza miyala imeneyo.

Chimene chinandinyansa ndi alendo. Azungu, Amwenye, Matchaina, aliyense ndi foni m'mwamba, kujambula, kutafuna chingamu, kulozaloza ndi chala, popanda ndi mmodzi yemwe wopereka moni. Ine ndinavula nsapato, ndinanjuta patsogolo pa masitepe, ndinawomba m'manja kuja kwa ulemu, phu, phu, phu, n'kunena kuti, "Odi, odi kuno eni mudzi!"

Phiri linayankha. Wallahi, ndikulumbira, linayankha, ndi mawu a mbalame, tswii! Ndinawombanso, tswii! Kachitatu nthaka inagwedezeka, mafoni onse anazima, mwala waukulu unasuntha, ndipo munatuluka mkulu wina wamtali, nthenga zobiriwira kumutu, kambuku wa kumeneko akuyenda pambali pake, mutu wake ngati mtondo. Kambukuyo anabwera molunjika kudzanunkhiza mkono uno. Dikira Yohane, usathamange, za chipsera zikubwera.

Mkuluyo anandiyankhula m'Chichewa chakuya, chija cha ku Ntchisi. Musandifunse kuti anachiphunzira kuti. Anati, "Lowani, alendo. Chigonere ife muno, anthu apondaponda pamitu pathu osawerengeka, koma woodira ndinu woyamba." Ine ndinatulutsa kathumba kaja n'kuthira ufa pansi. Mkulu anawerama, anatapa, ananunkhiza, misozi mbwee. Anati, "Ichi ndi chimanga chathu. Chinachoka m'minda yathu muno kalekale, tinkayesa chinatayika panjira. Kani chinakafika kwanu?" Ndinati chinafika, wawa, ndipo kwathu munthu akapanda kudya chimenechi amati wagona ndi njala. Tinakumbatirana, nthenga zikundilowa m'mphuno, kambuku akupukusa mchira.

Pamenepo ndinatula nkhani yonse, ya madamu, ya ana, ya Nambewe ndi chitenje chake. Mkulu anamvetsera mpaka kumapeto, n'kugamula kuti, "Alendo anuwo abwere, tawalandira. Koma mayi amene mwana wake akukwatiwa asaponde pabwinja. Malo ake ndi kuukwati, akaimbe nthungululu. Ndipo inu amene mwabweretsa mlanduwu, musenze anawo."

Mawu omalizawo sindinawasamale. Ndinati munthu amene wapitirira dzuwa angaope ana atatu?

Ndinabwerera njira yomweyo, ndinafika ku Bin Omran dzuwa lisanalowe, ndinatsuka mchere pagalimoto, ndinachotsa nkhanu ziwiri zimene zinakwera ulere mu buti, n'kukagogoda kwa madamu. Ndinafotokoza zonse monga ndakuuziranimu, osachotsera, osawonjezera. Madamu anaseka mpaka kugwira m'mimba, bwana anatsamwa ndi khofi. Koma ali mkati moseka, madamu anatembenuka n'kuona Nambewe ataima pakhomo ndi thireyi, maso pansi. Kuseka kunatha. Anamuyang'ana nthawi yaitali, n'kufunsa kuti, "Mwana wako ndi mmodzi yekha?" Nambewe anangogwedeza mutu. Madamu anati, "Khalas, basi, pita kwanu." Kenako anandiloza ine. "Iwe, mfumu yako ija yanena. Anawa ndi ako."

Basi, ulendo wachiwiri ndinapita pandege ngati anthu ena onse, ndi chikwama cha matewera paphewa. Abale anga, ndikuuzeni zoona. Nangumi anandipatukira, dzuwa linandipatukira, koma anyamata aja sanandipatukire. Tsiku loyamba wamkulu anakwirira nsapato zanga mumchenga uja ndinautama. Wapakati anathira shampu m'dziwe losambira, thovu linafika mpaka kumalo odyera. Ndinayesa kuwatembenuzira diso limodzi ngati Nambewe, iwo anandifunsa ngati m'diso mwalowa kanthu. Tsiku limene bwana ndi madamu anapita kukaona mabwinja, ine sindinapite n'komwe, ndinatsala pahotela ndikuthamangitsana ndi anthu atatu olowera mbali zitatu. Mbale wanga wa nthenga uja ayenera kuti anandidikira mpaka kutopa.

Ndiye kunali Hamad. Kamwana kaja sikankafuna nyanja, sikankafuna ayisikirimu, kankafuna Nambewe. Kanalira kuyambira m'mawa, makokonati akugwa osapsa. Ine ndinakumbukira kuti Nambewe amakabereka kumsana, ndinatenga thawulo la hotela, ndinawerama, ndinakakoka ndi mkono uno kuti ndikaponye kumbuyo. Pamenepo ndi pamene kanatsegula pakamwa.

Eya, Yohane. Kambuku uja anangondinyambita. Yang'ananso manowo, ndi a mkaka.

Ndili kupukuta magazi foni inalira, Nambewe watumiza vidiyo. Ndinatsegula. Ndi uyo ali pakati pa bwalo ku Ntchisi, chitenje chija m'chiuno, fumbi koboo, akuvina, akululutira, mwana wake ali pambali mu diresi yoyera akulira ndi kuseka nthawi imodzi. Hamad atamva nthungululu ija anasiya kulira, analanda foni, anaikumbatira, n'kugona pamiyendo panga. Ine ndinakhala pomwepo osasuntha, mkono ukuwawa, ndikuganiza kuti ine masabata awiri okha andisiyira chipsera, pamene mayi uja wasenza anthu amenewa zaka ndi zaka, wake womwe akumulera pafoni, popanda tsiku limene ndinamumva akudzitama.

Titabwerera ku Doha, Nambewe nayenso atabwerako, anaona bala n'kupukusa mutu. Anati, "Achimwene, mwana ameneyu saberekedwa ndi thawulo, amafuna chitenje." Kenako, kuseri kwa khitchini komwe kuja, anagwada pansi n'kundiwombera m'manja, phu, phu, phu. Ine amene ndinayankhulana ndi mafumu a pansi pa nthaka ndinangoti mchenga wandilowa m'maso.

Tsono iwe Yohane, za nangumi kayika ngati ukufuna, za karak mu thanki kayika, ndi mutu wako. Koma Tadala anaviniridwa ndi mayi ake, vidiyo ndi iyi, chipsera ndi ichi. Ndipo tsiku limene udzakumane ndi Nambewe m'sitima ya metro ya ku Al Sadd, foniyo uike m'thumba, uimirire, umupatse mpando.