Kumanga Minyewa Mobisa

Lolemba
Anamwino akuti ululu wa m'chinenawu, umene unandiyamba nditabereka Chisomo, sukufunika opaleshoni. Mtima pansi. Mpeni ndimauopa. Akuti: "Muzimanga minyewa ya kumunsi ngati mukugwira mkodzo, kenako n'kumasula. Tsiku ndi tsiku. Palibe angadziwe." Koma zikakanika anditumiza kuchipatala chachikulu. Ndiyamba mawa, mobisa.

Lachiwiri
Ndikuyesa uku ndikusenda chinangwa. Minyewayo sindikuipeza. Zomwe zikumangika: matako, mapewa, nsagwada. Apongozi, mayi a amuna anga, akundiyang'anitsitsa. "Amake Chisomo, mwameza chiyani?"

Lachitatu
Ndikuyesa ndili pakabaza, popita ku Chiringa. Msewu mabampu okhaokha. Ine kumanga, njinga kumasula. Ndafika ululu utakula. Kodi ndawononga china chake m'katimu?

Lachinayi
Kumunda, pothyola nandolo. Ndamanga mpaka kuiwala kupuma. Chizungulire, ndakhala pansi. Pofika masana apongozi auza mudzi wonse kuti ndili ndi pakati. Amuna anga chakudya chawakanika, akungoyang'ana Chisomo, amene sanayambe n'kuyenda komwe.

Lachisanu
Amayi akumpingo abwera kudzandipempherera. Onse atsinzina, ndiye ndati mpata ndi womwewu, ndiyese. Mmodzi sanatsinzine. "Taonani nkhopeyo, chiwanda chikukana kutuluka!" Pemphero lapitirira mpaka mbuzi kubwerera m'khola.

Loweruka
Ndaulula zonse: palibe mimba, palibe chiwanda. Amuna anga aseka mpaka misozi. Apongozi sanaseke, angolowa m'nyumba. Lero sindinayese n'komwe. Ululu uli pomwepo, ndipo maganizo anga ali pachipatala chachikulu chija.

Lamulungu
Pochokera kutchalitchi apongozi andikokera kuseri kwa nyumba. Akunong'ona: "Inenso, chibadwire amuna anuwa. Ndikatsokomola ndimanyowa. Ndinkayesa akazi tonse ndi mmene tilili." Sanauzepo munthu zaka zonsezi. Ndawalonjeza kuti tidzapita limodzi kwa anamwino, ndipo ndawaphunzitsa zimene inenso sindikuzidziwa bwino.

Tsopano tili pamkeka awiriwiri, chete, mano titaluma. Amuna anga atiyang'ana, atiyang'ananso, atenga njinga. Akuti akukaitana ankhoswe chifukwa tayambana. Apite. Mphamvu zofotokozanso ndilibe, komanso ndikayankhula ndimasula.