Laisensi Yanga ndi Msoti wa Chinkhoswe

Lolemba

Esinati waimba foni kuchokera ku Lilongwe. Mwana wanga woyamba, mwini wake wa pikapu ndimayendetsayi. Moni wachidule, kenaka mlandu.

Mlandu wake ndi wa mwezi watha. Wapolisi wa pamsewu anandiimitsa n'kufunsa kuti ndanyamula chiyani. Ine ndinangoti ng'ona ziwiri ndi apongozi ake. Anasecha galimoto maola awiri, usipa wa amayi a Esinati n'kufika kumsika anthu atagula kale kwa ena. Kodi kuseka kunaletsedwa liti m'dziko muno?

Chigamulo ndi ichi. Loweruka kuli chinkhoswe cha mwana wa mng'ono wa akazi anga ku Chipoka. Ine ndinyamula mipando ya kutchalitchi ndi msoti wokapereka kwa akuchimuna. Ndikachedwanso pa rodibuloko chifukwa cha pakamwa, makiyi apita kwa alamu anga a Zingani. A Zingani! Munthu woliza hutala kwa agulugufe.

"Bambo, dziwani ufulu wanu, koma pakamwa mutseke." Watero Esinati. Nanga ufuluwo ndiunenera pati, m'mphuno?

Masana pa wailesi pali pulogalamu ya madalaivala. Ndatenga kope ndi pensulo:

1. Akakuimitsani, imani kumanzere, pamalo abwino.
2. Zimitsani injini.
3. Manja aoneke, pa chiwongolero.
4. Akafunsa laisensi ndi mapepala a galimoto, apatseni.
5. Muli ndi ufulu wofunsa chimene mwalakwa.
6. Muli ndi ufulu wo

Apa mabatire a wailesi atha.

Nambala 2 ndiyo yandipweteketsa mutu. Pikapu yathu ikazima, imalira ndi anthu anayi kumbuyo. Sitata inatisiya chaka chatha, maliro ake sitinakhuze.

Lachiwiri

Ndapita kwa a Zingani kukasaka nambala 6. Ndikudziwa kuti makiyi akuwalota, koma anayendetsapo minibasi zaka zambiri, ndiye ndifunse yani?

Malangizo awo, pa kapu imodzi ya tiyi:

Wapolisi osamuyang'ana m'maso, ndi mwano.
Wapolisi muzimuyang'ana m'maso, apo ayi aganiza kuti mwamwa.
Tsikani msanga, ndiwo ulemu.
Osatsika, aganiza kuti mukuthawa.

Ndafunsa kuti nditenge ziti. Akuti zimatengera nkhope ya wapolisiyo. Nanga nkhopeyo ndiiona bwanji osamuyang'ana?

Potsiriza atsitsa mawu: "Alamu, mungopinda kenakake m'kati mwa laisensi, ka fanta."

Ndaimbira Esinati. Foni ndachita kuichotsa kukhutu. Akuti chimenecho ndi chiphuphu, womangidwa ndi wolandira ndi wopereka yemwe. Wandimalizira mndandanda:

6. Pakakhala chindapusa, muli ndi ufulu wolandira risiti ya boma. Popanda risiti, osapereka.
7. Ngati simukugwirizana nazo, osakangana pamsewu. Lembani dzina la wapolisiyo ndi nambala yake, mukadandaule kwa akuluakulu ake ku siteshoni.

Ndiye kuti a Zingani amafuna ndikagone m'chitokosi kuti makiyi awapeze osatuluka thukuta. Ndabwererako ngati ndaiwala chipewa, nsapato yawo imodzi ndaiika padenga la khola la mbuzi.

Zofunika ndazisonkhanitsa. Laisensi ilipo, pachithunzi ndikuoneka ngati ndaba mbuzi. Inshuwalansi ndi COF zili pagalasi. Chozimitsira moto chilipo. Mathirayango awiri, imodzi ndaichotsa pamene imachirikiza chitseko cha khola la nkhunda.

Lachitatu

Tsiku loyeserera.

Rodibuloko: nsungwi pamwamba pa ndowa ziwiri, pabwalo pathu. Wapolisi: amayi a Esinati, duku loyera kumutu, wezulo yobwereka kwa amayi a mpira wamanja. Galimoto sindikuiliza. Ndangokhala m'katimo, phokoso la injini ndikuchita ndi milomo.

Ulendo woyamba. "Mwanyamula chiyani, bambo?" Ndagwira chiwongolero zolimba. Zatuluka zokha: "Mavuto a m'banja, bwana." Ndalephera.

Ulendo wachiwiri. "Mukupita kuti?" "Kutsogolo." Ndalephera.

Ulendo wachitatu ndangokhala duu pa chilichonse, ndi moni womwe. Akuti kusayankha moni wa boma ndi mwano. Ndalephera.

Ndiye ndiziyankha ziti, ndisiye ziti? Pa mndandanda palibe.

Amayiwa ntchito yawalowa m'magazi. Akuzungulira galimoto manja kumbuyo, kumenya matayala ndi phazi, kundinunkhiza mpweya. Zaka makumi anayi ndi ziwiri ndakhala ndi Sajeni m'nyumba osadziwa!

Anthu ochokera kunyanja aima ndi mabeseni pamutu kuonerera. Wina akuti agogo ayamba misala. Wina akuti ayi, anayamba kale.

Lachinayi

Ndakwera minibasi mpaka pa rodibuloko yeniyeni ya njira ya ku Chipoka. Cholinga: kuona ngati pali kamtsetse koti galimoto ikazima ndingoimasula buleki n'kulira yokha.

Palibe. Salima uyu Mulungu anachita kumusita ndi simbi. Ndathira madzi pa tala kuti ndione kolowera. Angokhala pomwepo kundiyang'ana.

Ndakhala pansi pa mtengo wa nimu ndi kope langa, kuona mmene anzanga akuchitira. Wina wazimitsa injini, wina sanazimitse. Wina watsika, wina ayi. Onse aonetsa mapepala, onse apita. Wakhalitsa ndi mmodzi yekha wa galimoto yonyezimira, amene anayamba ndi "mukundidziwa ine?" Mpaka pano akumudziwabe.

Cha m'ma leveni wabwera Sajeni wachizimayi, wamfupi, wa mawu ofatsa. "Agogo, chikhalireni m'mawa mukulemba chiyani?"

Manja anga akwera okha kukagwira chiwongolero chimene palibe. Ndakumbukira nambala 5, ndafunsa kuti ndalakwa chiyani. Akuti palibe. Ndalumphira nambala 6, ndapempha risiti. Akuti ya chiyani. Poti ndinali nditayamba kale, ndamaliza ndi nambala 7, ndakopera dzina la pachifuwa pawo. Iwonso atulutsa kabuku kawo, afunsa langa, alemba.

Ndiye talembana. Wokadandaula ndani tsopano?

Za injini ndaiwala kufunsa. Ndakumbukira ndili kale pa depoti ya pa boma.

Lachisanu

Mipando yakwera, ndamanga ndi chingwe cha ukonde. Msoti uli m'dengu, wofiirira, wamwano ngati a Zingani.

Kuyeserera komaliza, amayi a Esinati asananyamuke. Iwo akutsogola lero pa minibasi kukathandiza zophika.

Wezulo. Ndaima kumanzere. Ndazimitsa milomo. Manja pa chiwongolero. Moni ndayankha. Ndanyamula chiyani? Mipando ndi nkhuku. Ndikupita kuti? Ku Chipoka. Laisensi? Nayi, bwana. Palibe nthabwala ngakhale imodzi! Thukuta lokhalokha.

Ayang'ana laisensi, ayang'ana ine. Kenaka atsamira pawindo.

"Khirisimasi ija munati lole yafera ku Nkhotakota, munagona kuti?"

Nkhani ya Esinati asanayambe kukwawa! Ndati funso limenelo silikukhudza galimoto, bwana, ndipo munthu ali ndi ufulu wokhala chete.

"Chabwino. Laisensi ndalanda."

Aiponya m'chikwama chawo cha kutchalitchi, zipu yatsekedwa. Ndati ndipatseni risiti. Asanayankhe, dengu lagubuduka, msoti uyo!

Tauthamangitsa m'munda wa chinangwa, pansi pa thandala la usipa la aneba, kuseri kwa bafa, kawiri. Wapolisi wanga duku lagwa, wezulo ili pakamwa. Taugwira m'khola la nkhunda, lomwe chitseko chake sichikutsekekanso chichotsereni thirayango.

Pofika apo nthawi yatha. Amayi asamba mothamanga, anyamula katundu wawo, apita.

Koma mayeso ndakhoza. Mawa a Zingani akafune ngolo yoti aziyendetsa.

Loweruka, m'mawa

Asodzi anayi akankha, yalira kamodzi. Msoti ndaumanga miyendo, uli pampando wa kutsogolo. Lamba ndamanga. Mndandanda ndikuuimba ngati nyimbo ya Sande sukulu.

Loweruka lomweli, cha m'ma teni

Ndikulemba nditakhala pa mpando umodzi wa kutchalitchi, m'mbali mwa rodibuloko, pansi pa nimu yemwe uja.

Zonse ndachita bwino. Izi zilembedwe. Ndaima kumanzere. Ndatseka maso, ndazimitsa injini. Manja pa chiwongolero. Wobwera ndi Sajeni wa Lachinayi uja.

"Aa, agogo a kope. Mwanyamula chiyani lero?"

Ng'ona zinafika pakhosi. Ndazibweza. Ndati mipando ndi nkhuku imodzi, bwana.

Aona COF, aona inshuwalansi, mathirayango awawerenga. Kenaka laisensi.

Thumba la malaya: pensulo. La thalauza: mtedza. M'chipewa: mutu. Pansi pa msoti: zina, koma osati laisensi. Ndiye m'khutu mwanga mwalira zipu ya dzulo ija.

Ndanena zoona zokhazokha. Ndati laisensi inalandidwa dzulo.

"Ndi wapolisi uti?"

"Wa kunyumba."

"Pa rodibuloko iti?"

"Ya ndowa ziwiri."

Akuti agogo, pano si pochezera. Ndalumbira kuti sindikucheza. Chibadwire changa lero ndi tsiku loyamba kuyankha wapolisi moona, ndipo zikumveka zabodza kuposa ng'ona zija!

Nditafotokoza zonse, ndi za Nkhotakota zomwe, atembenukira kumbali, mapewa akugwedezeka. Pobwerera angofunsa kuti, "Nanga risiti anakupatsani?"

Akuti popanda kuona laisensi sangandilole kupitirira. Ndiimbe foni wina abweretse. Sanapemphe kanthu, sanakalipe. Ndafufuza pa mndandanda poti ndidandaule, palibe.

Cha m'ma leveni

Foni ya amayi ikungoitana. Ndaimba kasanu ndi kawiri. Ndikudziwa kumene ili: m'chikwama chomwecho, pamodzi ndi laisensi, zikucheza.

Wotsala ndi Esinati, amene anafika kale ku Chipoka. Nambala yake ndikungoiyang'ana. Msoti ndaupatsa madzi m'chivundikiro cha botolo.

Thwelofu koloko

Waimba yekha. Akuti alendo aimirira padzuwa, akuchimuna agwira tambala wawo chigwirire, ankhoswe akufunsa ngati akuchikazi asintha maganizo. "Bambo, muli kuti?"

Ndati ndili m'manja mwa boma, koma mwaulemu.

Madzulo

Anafika pa njinga zamoto ziwiri. Kutsogolo amayi a Esinati, m'chitenje cha chinkhoswe, chikwama pachifuwa. Kumbuyo a Zingani, suti yonse, kuphazi patapata.

Laisensi yatuluka. Sajeni aiona, abweza ndi manja awiri. Akuti palibe mlandu, pitani bwino. Amayi ndi Sajeni apatsana moni ngati anthu a ntchito imodzi.

Ndatembenuza kiyi mwa chizolowezi. Zii.

"Mukanandiuza za sitatayo, agogo, ndikanati musazimitse." Atero Sajeni. Ndipo n'zoona, iwo sananene n'komwe zoti ndizimitse. Inanena ndi wailesi.

Apo n'kuti Esinati ali pa foni ya a Zingani: makiyi kwa amalume. Ndakana. Pangano linali kuchedwa chifukwa cha pakamwa, ndipo pakamwa ndinatseka, mboni ndi boma. Amayi ake alanda foni, ayankha okha: "Chifukwa chake n'chomwecho. Mukanatsegula Lachisanu n'kunena kumene munagona, laisensi ikanakhala m'thumba mwanu."

Okankha amafunika anayi. Anyamata a njinga awiri, wapolisi mmodzi wachifundo, wachinayi ine. Pa chiwongolero a Zingani, akuliza hutala.

Msoti wafika thuu koloko. Auombera m'manja kuposa mkwatibwi.

Lamulungu

Kutchalitchi anthu akhala pansi. Mipando ikadali ku Chipoka, a Zingani akuti dzulo anatopa.

Ndayesa nambala 7. Ndafunsa Esinati kuti apilo ndikachite kwa yani. Akuti kwa akuluakulu a pa siteshoni. Ndapita kukhitchini, akuluakuluwo akuti mlandu wa Nkhotakota uyambe watha.

Masana a Zingani abwera pa pikapu yanga, aimika pakati pa bwalo, osati kumanzere. Akufuna zinthu ziwiri: mndandanda wanga, poti mawa akudutsa pa rodibuloko, ndi nsapato yawo. Mndandanda ndawakopera bwinobwino, nambala 2 ndaidula mzere kunsi kawiri. Za nsapato ndati ndili ndi ufulu wokhala chete.

Wezulo sinabwezedwe kwa eni ake. Yalira nthawi ya chakudya, yaliranso nditasiya chipewa pampando.

Njinga yanga yakapalasa ndaipopa. Laisensi ili m'thumba la malaya, ndabaya ndi pini. Ufulu wanga wonse ndikuudziwa tsopano, kuyambira 1 mpaka 7. Galimoto yokha ndiyo ndilibe.