Tsiku limene ndinagwadira foni pa Chimbiya

Anzanga, inu amene mumalusa intaneti ya pafoni ikamadukaduka, kanthu kaja kakungozungulira osatsegula, dikirani ndikuuzeni mmene netiweki inandichititsira manyazi ine, mafoni a m'manja atangoyamba kuoneka kwathu kuno ku Dedza, cha m'ma 1999.

Nthawi imeneyo ndinali nditangomaliza Fomu 4 ndipo ndinali ndi chibwenzi, Feston, yemwe ankagwira ntchito ku Lilongwe. Zonse zinali bwino, kupatula chimodzi: amayi ake anali asanandionepo, ndipo ananenetsa kuti ankhoswe sanyamuka kubwera kwathu ku Kaphuka iwo asanamve mawu anga. Akuti munthu amadziwika ndi moni wake. Ine moni! Munthu woti mlendo akafika pakhomo ndinkathawira kuseri kwa nkhokwe.

Tsono Feston anakonza zoti amayi akewo aimbe Loweruka pafoni ya a Chikuse, bambo wina wogula kachewere pa Chimbiya. Foniyo inali ngati njerwa, ya kamlongoti kochita kusolola. Ndinavala chitenje changa chatsopano n'kunyamuka, njira yonse ndikuloweza mawu: "Ndili bwino amayi, kaya inu."

A Chikuse anandilandira mwaulemu n'kundilozera kachulu kena kuseri kwa msika. "Mwana wanga, netiweki ya kuno imakhala pamwamba apo basi. Ukwere, uime chilili."

Ndinakwera, ndipo posakhalitsa foni inalira. "Halo? Ndi Esinta ameneyo?" Mawu odekha, a munthu wamkulu. Nanga inu mukanatani? Ine ndinaleredwa pakhomo poti ngakhale madzi akumwa sungapatse wamkulu uli chiimire. Maondo anapinda okha, ndinangozindikira ndagwada pachulupo. "Ee amayi, ndili..." Tuu, tuu, tuu. Yaduka.

"Aimbanso, usadandaule," anatero a Chikuse. Ndinaimirira, ndipo inaliradi. "Halo, Esinta? Kwatani?" Ine pansinso. Tuu, tuu, tuu.

Ataimbanso mawu aja anali atasintha. "Kodi mwana iwe, ukundidulira dala?" Mayo! Ndinafuna kupepesa, ndipo kupepesa kwa wamkulu uli chiimire ndiye mwano weniweni, choncho ndinagwada mpaka kuweramitsa ndi mutu womwe. Yaduka!

Apa n'kuti anthu atayamba kusonkhana. Kondakitala wina wa minibasi anakuwa ali pamsewu: "Asisi, mukulapa machimo pafoni? Mutinenereko ndi athu omwe!" Msika wonse unafa nacho chiseko. Mayi wina wogulitsa kabichi, woti sindinkamudziwa n'komwe, anakwera pachulupo, n'kundisansa fumbi la m'maondo ndi nsonga ya chitenje chake. Anandinong'oneza kuti, "Mwanawe, iwe ukatsika netiweki imatsala m'mwamba. Ingoima, sakukuona." Koma ine ndinkakhulupirira ndi mtima wonse kuti mawu a munthu woimirira amamveka, ndipo apongozi adziwa.

Ndiye nzeru zanga za Fomu 4 zinabwera: ngati netiweki ili m'mwamba, bwanji osakagwada m'mwamba momwemo? Pambali pa kachuluko panaima ngolo yosanjikiza matumba a kachewere, ng'ombe zili pagoli, mwini wake atapita kukamwa tiyi. Ndinakwera, ndinagwada bwinobwino pamatumbapo, foni inalira, ndipo mawu anamveka ngati munthu ali pafupi. Ndinadziona wanzeru kwabasi!

"Pepani amayi, si mwano ayi, ine ndima..." Pomwepo minibasi ija inaliza hutala. Ng'ombe zinadzidzimuka, ngolo n'kuyamba liwiro kutsetserekera kudambo, ine ndili chigwadire, dzanja lina pafoni, lina lakumbatira thumba. Ndipo netiweki ija, imene inkandikana nthawi yonseyi, apa ndiye inagwira zolimba! Amayi a Feston anamva zonse: ine ndikukuwa kuti "Gwirani ng'ombe!", mwini ngolo akutukwana kapu ya tiyi ili m'manja, a Chikuse akuthamanga pambuyo uku akufuula, "Mwana wanga, ukamagwa ukweze foniyo m'mwamba!"

"Esinta! Esinta! Uli bwino?" anafunsa amayi aja. Ndipo ine, kachewere akugubuduzika mbali zonse, m'mutu munangotsala zoloweza zija. Ndinakuwa kuti, "Ndili bwino amayi, kaya inu!" Kenako ngolo inagunda mzere wa m'munda, ine khuu m'matope, dzanja la foni lili m'mwamba monga anandiuzira.

Chitenje chatsopano chija chinang'ambika. Mayi wakabichi uja anavula china mwa ziwiri zimene anavala n'kundifunditsa, kenako anayamba kutolera nane kachewere wa eni. Ndinabwerera ku Kaphuka ndikulira njira yonse, ndikudziwa kuti ukwati wathera pangolo. Ndani angalole mwana wake kukwatira mtsikana wodula foni n'kumakuwa za ng'ombe?

Osadziwa kuti nditachoka amayi a Feston anaimbanso, ndipo a Chikuse anaima pachulu paja n'kuwafotokozera zonse, kuyambira pa maondo. Posakhalitsa ankhoswe anafika kwathu.

Tsiku la chinkhoswe ndi limene ndinawaona koyamba, mayi wamtali, wa nkhope yosaseka. Ndinayandikira mwamantha n'kugwada pamaso pawo. Anandiyang'ana nthawi yaitali, milomo ikugwedera, kenako anandigwira paphewa.

"Dzuka msanga mwananga," anatero, "ungaduke."

Abale, chiseko chake! Ngakhale amalume anga, oti saseka wamba, anapukuta misozi. Ndinalumbira tsiku lomwelo kuti sindidzagwadiranso foni moyo wanga wonse, kapena kukwera ngolo ya eni. Za ngolozo ndasunga. Koma apongozi akaimba, mpaka lero ndimayamba ndagwira chitseko zolimba, chifukwa maondo angawa sanalumbire nawo.