Sewero Limene Anthu Akana Kufamo

Lolemba

Kukutentha. Nyenje zayamba kulira dzuwa lisanakwere n'komwe, ndipo mapiri a Mphangwe akuoneka ngati akuyandama mu utsi wa lupsa. Nyengo yabwino yophera anthu awiri.

Abusa avomera! Loweruka lino, pa tsiku la achinyamata a mpingo wathu, sewero langa lionetsedwa. Zaka zonsezi ndakhala ndikuphunzitsa ana a sekondale masewero akale achisoni, a okondana amene makolo awo amadana, anawo akungoyasamula. Tsopano ndalemba langa, m'Chichewa chathu. Midzi iwiri, mtsinje pakati, chidani cha makolo. Mnyamata awoloka mtsinje wodzala kuti akaone bwenzi lake, madzi amutenga. Mtsikana amutsatira. Makolo atsala m'mbali mwa madzi akulira, atazindikira mochedwa. Tsamba lomaliza ndikaliwerenga ndimalira ndekha.

Osewera anga:
Tamala, wa m'kwaya, mawu ozizira ngati madzi a mumtsuko. Amira.
Lemekani, wamtali, wokonza njinga pamphambano. Amira choyamba.
ANambewe, amayi ake a Tamala.
ASakala, atate ake a Lemekani.

Nzeru yanga yagona apa: mabanja awiriwa amadanadi. Kalekale ng'ombe za aSakala zinalowa m'dimba la aNambewe n'kumaliza repu yense ndi tomato. Mlandu sunathe. Amuna awo a aNambewe anamwalira osapereka moni kwa aSakala, akazi awo a aSakala nawonso anatisiya, koma chidani chidakalipo, chonenepa bwino. Akakumana pamjigo onse amayang'ana mitambo. Aliyense wakana kupereka mwana wake pokhapokha iye mwini akhalepo, ndiye ndawapatsa mbali za makolo odana. Palibe choti aphunzire. Angokhala mmene alili.

Chinanso, chimene ndikungouza pepala ili. ANambewe akhala pafupi nane madzulo alionse sabata yonse. Amasoka zovala pakhonde la sitolo kumsika. Thalauza langa lakhaki ndalipititsako kokafupikitsa mobwerezabwereza, tsopano lasanduka kabudula, koma mawu sanatulukebe. Loweruka, anthu akamapukuta misozi, ndidzawauza aNambewe za kumtima kwanga.

Lachiwiri

Tayamba kuyeserera pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa tchalitchi.

Okondana anga sakondana. Tamala akuti Lemekani akununkha girizi, waima patali ngati pali njoka. Lemekani akuwerenga mawu achikondi ngati akutchula mitengo ya masipoko. Ndikumuuza kuti amuyang'ane m'maso, iye akuyang'ana tayala la njinga yanga, akuti laphwa.

Kenaka Lemekani waponya funso: "Aphunzitsi, munthu wanzeru angawoloke mtsinje wodzala? Bwanji osangomuimbira foni?"

Ndamufotokozera kuti m'masewero otere munthu sathawa chimene chinalembedwa. Wandifunsa kuti analemba ndani. Ndayankha kuti ine. Akuti ndiye ndifufute.

Koma makolo! Ndangowapatsa mzere woyamba wa mkangano, mapepala aponya pansi. Repu watuluka, tomato watuluka, mpanda wa dimba, dzina la ng'ombe iliyonse. Amayi opita kumjigo aima ndi zidebe pamutu. Nkhuku zathawa. Ine ndakhala pachitsa ndikumwetulira. ANambewe akakwiya maso awo amawala ngati mphezi yakutali, ya kumalire a Mozambiki, yosamveka kugunda.

Pobwerera ndikukankha njinga, ndikulota ndili maso. Sewero lapita ku Chipata. Lachoka ku Chipata, lapita ku Lusaka. Tili m'minibasi, aNambewe pawindo, pa Sinda ndikuwagulira nthochi, mphepo ikuseweretsa duku lawo. Ndapitirira nyumba yanga osaiona.

Lachitatu

Abusa ndi akulu a mpingo awerenga tsamba lomaliza. Andiitana muvesitili, nkhope zitagwa. Akuti mtsikana kudziponya yekha m'madzi sizingaonetsedwe m'nyumba ya Mulungu.

"Kufa afe," atero Abusa, "koma angoterereka."

Kuterereka! Chikondi chonse chija chathera pa matope. Ndavomera, nanga nditani.

Za mtsinje: amayi a chigwirizano abwereketsa zitenje zabuluu zoti ana azigwedeza ngati mafunde. Malamulo ake:
zisakhudze pansi,
asapondepo munthu,
Lemekani asaziyandikire ndi manja ake aja.
Ndiye kuti ndili ndi mtsinje umene womira saloledwa kuukhudza.

Mkangano wa makolo lero watalika kuposa dzulo. ASakala akuti mpanda unali wofumbwa, ngakhale mbuzi yodwala ikanalowa. ANambewe akuti ng'ombe zophunzitsidwa bwino zimaona mpanda wofumbwa n'kupitirira. Ndawomba m'manja kuti tathera pomwepa, sanamve. Anyamuka akukanganabe, atsata njira imodzi mpaka kubisika m'mitengo ya bulugamu. Kwa aSakala si kumeneko, kwawo ndi kutsidya kwa msewu waukulu. Kudzipereka kotere pa sewero sindinakuonepo. Achinyamata atengerepo phunziro.

Madzulo akugwa pang'onopang'ono, ofiira. Ndikuganiza za mawu oyamba amene ndidzanene Loweruka. Mwina ndidzayambe ndi nyengo.

Lachinayi

Lemekani wakana kufa. Azakhali ake amuuza kuti kugona ngati mtembo pamaso pa anthu n'kudziitanira malodza. Takambirana nthawi yaitali ataimika njinga ya munthu miyendo m'mwamba. Tagwirizana kuti akomoke.

Tamala akuti ngati Lemekani angokomoka, iye aterereke chifukwa chiyani? Funso labwino. 

Zotsala m'sewero langa lachisoni:
wokomoka mmodzi,
woterereka mmodzi, ngati mtima wake ufuna,
mtsinje wosakhudzidwa,
chidani.

Ngakhale chidanicho chayamba kundidetsa nkhawa. ASakala abwera ndi mtolo wa repu pakaliyala, akuti ndi wa sewero. M'sewero langa mulibe repu. Pomaliza aNambewe aunyamula kupita nawo kwawo. Pakati pa mkangano aSakala aiwala mawu, aNambewe n'kuwanong'oneza. Mdani kunong'oneza mdani chomutukwana nacho!

Ndakhala pachitsa n'kulemba mizere ina yowawa kwambiri. Ndapatsa aNambewe kuti anene kuti, iwe fisi wopanda manyazi. Anenadi. Koma mmene anenera, fisi aliyense akanagona chagada kuti amukande pamimba.

Kolala ya shati ya aSakala, imene yakhala yong'ambika chiyambire kuwadziwa, lero ndi yosokedwa. Ulusi wake ndikuudziwa. Sindikufuna kuganiza. Kukutentha, mwina ndi dzuwa.

Lachisanu

Ndathothola batani la shati yanga ndekha, ndapita kumsika nthawi yopuma. Pakhonde la sitolo, pabenchi imene ndimakhala ine, pali aSakala. Atambasula manja, agwirizira nsalu, makina akulira. Akuti akuyeserera sewero.

ANambewe asoka batani langa osayang'ana n'komwe, akumwetulira. "Aphunzitsi, zaka zonsezi panalibe amene anatipatsa malo oti tikanganirepo bwinobwino. Tinkangodutsana. Inu mwatithandiza."

Ndathokoza. Sindikudziwa kuti ndathokoza chiyani.

Madzulo ndapeza Tamala ndi Lemekani atakhala pabenchi imodzi, mitu pamodzi, kwa nthawi yoyamba. Mtima wanga wadumpha, ndimati chikondi chafika. Ayi. Amva zimene msika wonse ukunena za makolo awo, ndipo agwirizana kuti ziletsedwe. Lemekani akuti abale ake onse amuseka, ndiponso sangakhale pachibale ndi munthu amene amamugwirira mphuno. Tamala sakuseka. Akuti atate ake anapita kumanda osawapatsa moni anthu amenewa, ndiye lero munthu yemweyo adzakhale pampando wawo?

Taonani tsono. Okondana awiri, mabanja akukana. Sewero langa lomwe lija, koma laima chadodolido.

Onse atapita, Tamala watsalira. Akuti amayi ake amandilemekeza, ndikawauze kuti akuchititsa manyazi malemu. Akuti ine andimvera.

Andimveradi. Mawu ake ndili nawo, akuthwa, oposa a fisi aja. Ndikanena, aSakala abwerera kutsidya kwa msewu, benchi ikhalanso yanga. Ndayenda mpaka kudambo ndikuwatembenuza m'kamwa. Ng'ombe zikubwerera m'fumbi lofiira, mwezi watuluka kusanade, wopyapyala ngati chikhadabo. Ndafika pamphambano yopita kwa aNambewe, ndaima, ndamva akuimba kuseri kwa nyumba akuanula zovala. Sindinawamvepo akuimba. Ndatembenuka.

Loweruka

Tchalitchi chadzaza, ena akusuzumira pamawindo. Nsalu yotchinga ndi mabulangete awiri pachingwe. Ine ndili kuseri kwake ndi mapepala, kuti woiwala ndimukumbutse.

Chiyambi chayenda. Mkangano wa makolo anthu auombera m'manja, ngakhale aSakala potukwana avula chipewa. Ana agwedeza zitenje, mtsinje wadzala. Lemekani wawoloka chozungulira, wasankha malo opanda fumbi, wakomoka mwaulemu.

Nthawi ya Tamala. Waima m'mbali mwa mtsinje, manja atapinda pachifuwa. Sakuterereka.  Mwana wina wogwira mtsinje wayamba kukanda mwendo.

Apa m'pamene makolo amayenera kulira. ASakala aponda kutsogolo, chipewa m'manja, ndipo zimene akunena sizili papepala langa.

"ANambewe, repu uja watidyera zaka. Ine ndakula. Kunyumba kwanga kulibe wokangana naye."

ANambewe ayang'ana pansi, akonza duku. "Mukamange kaye khola lolimba."

Nthungululu! Amayi a chigwirizano aimirira, Abusa akupukuta magalasi, wokomoka wadzutsa mutu kuti aone. Anthu akuseka mpaka kugwira m'mimba, akuyesa kuti ndinalemba choncho.

Mmodzi yekha sakuseka. Tamala akulira, misozi yeniyeni, imene ndakhala ndikuifuna sabata yonse, ndipo tsopano sindikuifuna. Ali tsidya lino la zitenje, amayi ake tsidya lina atatambasula dzanja. Watembenukira kwa ine kuseri kwa bulangete, monga amachitira akaiwala mzere. Papepala palembedwa mawu otsanzika dziko. Ndayang'ana pepala, ndayang'ana mwanayo.

Ndanong'oneza kuti, pita kwa amayi ako.

Waima pang'ono. Kenaka waponda pakati penipeni pa mtsinje ndi nsapato zafumbi, wawoloka, wagwera pachifuwa cha amayi ake. Palibe mayi wa chigwirizano amene wadandaula za chitenje. ASakala aima pambali, sakudziwa koika manja, mpaka Tamala, nkhope ili m'phewa la amayi ake, wanena mokweza kuti pampando wa atate ake asadzakhalepo, abwere ndi wawo. ASakala akuti ali nawo.

Kwaya yayamba nyimbo yosakonzekera. Ndakoka bulangete kuti nditseke, chingwe chaduka.

Omwalira: palibe.

Lamulungu

Abusa alalikira za kukhululukirana, atchula dzina langa. Akuti mpingo sunasekepo chonchi, ndipo chaka chamawa ndilembenso china choseketsa. Potuluka aliyense akundigwira chanza. Mkulu wina akuti ankandiyesa munthu wosakondwa, sankadziwa kuti ndine wanthabwala. Lemekani ndi Tamala akukangana pakhomo za amene adzakhale wamkulu m'nyumba. Akumveka kale ngati pachibale.

Masana mitambo yasonkhana kuchokera ku Vubwi, mvula yoyamba yawaza pang'ono, yongonunkhiritsa dothi. Ndakhala pakhonde osachita kanthu, ndikuyang'ana madontho akuboola fumbi.

ASakala abwera atavala jekete. Akhala pansi, azungulira nkhani ya mbewu ya thonje ndi mtengo wa feteleza, kenaka afika. Abale awo onse akana kuwaperekeza, akuti iwo za dimba sanaiwale. Ndiye akufuna munthu wokawalankhulira kwa atsibweni awo a aNambewe, nkhalamba yovuta ya kufupi ndi malire. Akuti amene anayatsa moto ndi ine, ndipo mawu ndimawadziwa, iwo amangodziwa thonje.

Ndayang'ana mvula kanthawi. Ndavomera.

Ndawafunsa kuti nkhalambayo ikafunsa chimene aona mwa aNambewe, ndikanene chiyani. Aganiza nthawi yaitali, akuzunguza chipewa pabondo.

"Mukanene kuti amakangana bwino."

Ndikanena zimenezo. Zotsalazo ndikawonjezera zanga. Atsibweniwo sakadziwa kuti ndi za yani.