Pepala limene ndinalembera alamu anga

Ndakhala ndikuwerenga Mawu kutchalitchi kwa zaka zambiri, choncho ndinkadziyesa wodziwa kulemba. Pepala limodzi lokha linandigwetsa.

Chimwalirireni mayi a kunyumba, munthu amene ndimatha kucheza naye za iwo ndi mchimwene wawo, alamu anga a ku Majaua. Mwana wanga atatigulira mafoni amakono aja, tinapangana kuti Lamulungu lililonse tikaweruka azindiimbira, tizionana nkhope. Oimba akhale iwo, poti kwawoko netiweki imagwira pachulu pokha.

Anandipempha kuti ndiwalembere kaimbidwe kake. Ndinalemba mwaukhondo: "Pezani batani lobiriwira. Dinani chizindikiro. Kabwalo kakafiira, dikirani ndiyankhe." Batani, chizindikiro ndi kabwalo chinali chinthu chimodzi (aphunzitsi athu ankati kubwereza mawu ndi ulesi, ndipo ine sindinafune kuoneka waulesi pamaso pa alamu).

Lamulungu loyamba ndinakhala pakhonde, foni pamwendo. Zii. Ndinati mwina ndi mvula. Lamulungu lachiwiri ndinavala malaya abwino, foni osalira. Ndinati mwina ndi maliro. Lamulungu lachitatu ndinayamba kuganiza kuti chibale chathu chinatha tsiku limene tinaika mlongo wawo. Ndinawapempherera (kunena zoona, pempherolo linali ndi kamkwiyo).

Lolemba masana ndinangoona njinga ikulowa, alamu ali fumbi lokhalokha.

"Alamu, ndinakulakwirani chiyani?" anatero, akutulutsa pepala lija. "Batani ndinalipeza. Chizindikiro ndachifuna masabata atatu. Kabwalo ndiye ndinafunsa mpaka akatekisiti."

"Zonsezo ndi chimodzi, alamu."

"Chimodzi? Nanga mayina atatuwa, mumachibatiza?"

"Ndimafuna zimveke bwino."

"Zinamveka bwinodi. Anthu akumudzi akuti ndayamba kupembedza chulu."

Anagona masiku awiri. Tinakazinga chimanga, tinakumbutsana mmene malemu ankatikalipirira tonse awiri mofanana. Nyumba inamveka ngati muli anthu.

Asanapite ndinalembanso pepala. Batani, batani, batani, mzere uliwonse. Linali losakoma kuwerenga, koma Lamulungu lotsatira foni inalira.

Ikulirabe mpaka pano, osaphonya. Ndinaphunzira kuti polangiza munthu, chinthu chimodzi chikhale ndi dzina limodzi. Kungoti alamu alibenso chifukwa chopalasira njinga kubwera kuno ku Milange, ndipo masiku ena ndimagwira cholembera n'kumaganiza zowalembera malangizo ena, okoma kuwerenga. Ambuye andikhululukire.